Siliva wa a Fletcher

Ku Nkope munthu ukakumba damu la nsomba uyenera kukhala ndi makutu olimba. Nyanja ili pomwepo, kungotsetsereka pang'ono wafika, ndiye iwe n'kumakhetsa thukuta kukumba dzenje loti uziwetamo nsomba ngati nkhuku? Elina anasekedwa chaka chathunthu. Amuna opita kokasoka maukonde ankaima m'njira n'kumufunsa ngati akufuna kubwereka bwato loti aziyendera m'nyanja yakeyo. Iye ankangoponya dothi kumtunda, chifukwa ankadziwa chimene osekawo ankabwera nacho kuchokera ku nyanja yeniyeniyo: usipa wosadzaza ndi chipewa chomwe, ndi nkhani zosatha za chambo cha makedzana.

Damulo analikumba kumunsi kwa nyumba, pamalo amene anasiya mayi ake. Analambula ngalande yochokera ku mjigo kuti madzi otayika potunga azidutsa kuseri kwa nyumba n'kukathira m'menemo. Anaikamo ana a makumba, n'kumawapatsa madeya ndi zitosi za nkhuku. Pofika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha mpaka mchenga osapondeka, makumba aja anali atakula kuposa chikhatho cha munthu wamkulu. Akawaza madeya m'mawa madzi ankachita ngati akuwira. Oseka aja anali atayamba kudutsa chakufupi, manja kumbuyo, n'kumafunsa mwaulemu kuti kodi kukolola ndi liti. Ndipo kunena zoona damulo ndi lokhalo limene Elina anatsala nalo, pakuti amuna ake, a Fletcher, anatsamira dzanja pakati pa dzinja lapitalo, n'kumusiyira dzina labwino ndi chipinda chodzaza zigubu.

A Fletcher anali wojambula zithunzi. Kwawo kunali ku Namwera. Ku Nkope anabwera ndi kamera m'khosi n'kukhala mkamwini. M'masiku awo, ana a sukulu ofuna zithunzi za mayeso, anyamata othamangira mapasipoti a ku Joni, maukwati a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, onse ankathera pakhomo pawo. Filimu ankatsuka okha, m'chipinda chimene anatseka zenera lake ndi njerwa, mmene munali kababu kofiira koyaka ndi batire la galimoto. Mankhwala otsukira anali a mitundu iwiri makamaka, ndipo Elina anawadziwa monga mkazi wa msodzi amadziwira fungo la parafini.

Woyamba anali divelopa, amene amatulutsa nkhope papepala. Ameneyu ndi wosasungika. Ukangomusungunula, mpweya n'kulowa m'botolo, pakutha miyezi yochepa wasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti wafa, ndipo ndi kutentha kwa kunyanjaku ankafa msanga kuposa mmene pepala la pabotolo linkalonjezera. Wachiwiri anali fikisa, amene amakhazikitsa chithunzi kuti chisade chikaona kuwala. Nayenso amatopa, koma akatopa sapita kulikonse. Amakhala atamwa siliva wa pafilimu, ndipo amangokhala m'chigubu chaka ndi chaka, ukali wake uli chikhalire.

"Uyu ndimamufuna, koma sachedwa kundithawa," ankatero a Fletcher akuunika botolo la divelopa pakhomo. Kenako ankaloza zigubu ndi chibwano. "Awo sindiwafuna, koma adzandiperekeza kumanda ali moyo."

Kale kunkabwera bambo wina wa ku Limbe ndi galimoto ya madilamu, kuzungulira m'masitudiyo n'kumatolera fikisa wotopayo. Ankati ali ndi makina ochotsera siliva uja. Mafoni ojambula atabwera, ntchito ya filimu inazilala, ndipo bambo uja anadula phazi. A Fletcher sanakhulupirire kuti sabweranso. Anapitiriza kuthira m'zigubu, fikisa kwake, divelopa wakufa kwake, n'kumasanja m'chipinda chamdima muja. Chigubu cha mafuta ophikira chikangotha pakhomo, chalowa. Cha Elina chotungira madzi akangochiika pansi, chalowa. Mayi ameneyu anavutika ndi ndowa yodontha zaka zambiri ali ndi zigubu zofika kudenga m'nyumba mwake momwe, ndipo sanabise kuti zinkamupweteka.

"Bambo a Mona, tayani zinthuzi," ankatero, pakuti anali ndi mwana mmodzi, Monalisa, amene tsopano anali pabanja ku Lilongwe. "Anzanu onse ankataya kudzala. Inu ndinu wojambula kapena mlonda wa madzi onunkha?"

Tsiku lina a Fletcher, atatopa ndi kulongololako, anatsikira kudoko n'kubwerako ndi tinsomba tamoyo m'beseni. Anathiramo kapu imodzi ya divelopa wakufa ndi ina ya fikisa, n'kumuitana kuti adzaone. Tinsomba tija tinazungulira mofulumira, tinabwera pamwamba kukamwa yasa, kenako tinagona chagada kamodzikamodzi.

"Mwaona, mayi a Mona? Kuno n'kumchenga. Chimene wathira kudzala lero, mvula ikagwa chili m'chitsime, mawa lake chili m'nyanja."

Kuyambira pamenepo Elina analeka kunena kuti tayani, ngakhale kudandaula sanaleke. A Fletcher nawo anapeza nthabwala yobisira umphawi wawo. "Ine si wosauka ayi," ankatero. "Ndimagona khoma limodzi ndi siliva." Nthabwala imeneyi ankainena paliponse, ngakhale kwawo ku Namwera pa Khirisimasi, kumene abale ankaseka ndi pakamwa pokha, makutu akusunga.

Tsiku la kusudzula linafika Loweruka. Limeneli ndi tsiku limene abale a malemu amabwera kudzatenga za m'bale wawo n'kumasula mkazi wamasiye kuti avule zakuda, ayambe moyo wake. Pamwambo wotere namfedwa sayankhula pabwalo. Amakhala pamphasa, mutu pansi, ndipo chimene akufuna kunena amanong'oneza nkhoswe yake, nkhosweyo n'kuchipereka kwa anthu. Ndi mwambo wabwino ndithu, umaletsa anthu kutukwanana. Kungoti mawu akadutsa m'kamwa mwa munthu wina amafika atavala jekete.

Nkhoswe ya Elina inali atsibweni ake, a Jailosi, munthu wofatsa amene chibadwire sanauzepo munthu kuti ayi asanayambe wapepesa. Ku Namwera kunachokera a Ambrose, akulu awo a malemu, mlimi wa fodya wa mawu olemera. A Mercy, mlongo wawo. Ndi amuna ena a kubanja odzathandiza kunyamula. Anabwera pa kalole ka Che Sumani, kamene kanafika kakutsokomola kale kasananyamule kanthu.

Katundu anatulutsidwa n'kuyalidwa pansi pa mtengo wa mango: makamera, njinga, majekete, mpando wa ndalema, ndi nsalu yaikulu yojambulidwa nyumba yosanja imene theka la Nkope linaimapo patsogolo pake kuti lioneke ngati lili m'tauni. Elina sanaumirire chilichonse. Abalewo akanafuna akanachotsa ndi malata omwe. Damu linali pamalo a mayi ake, ndipo palibe wa ku Namwera amene akanalikweza pa galimoto.

"Zikomo, taona zonse," anatero a Ambrose atamaliza kugawa. "Koma pali chipinda china chimene sichinatsegulidwe."

Elina anasendera kwa a Jailosi n'kunong'ona.

"Atsibweni, auzeni kuti m'zigubumo ndi poizoni. Asatsegule, asataye. Azisiye momwemo, ndiziyang'anira ndekha."

A Jailosi anakonza kukhosi. Mawu oti poizoni, pamwambo wa maliro, pamaso pa abale a munthu womwalira, anawaona kuti si abwino kuwatulutsa.

"Akuti, pepani, m'menemo muli zigubu chabe, zosafunika kwenikweni. Musavutike nazo. Atha kumazisunga okha."

A Ambrose anayang'ana a Mercy, a Mercy anayang'ana pansi akumwetulira pang'ono.

"Zosafunika, koma azisunga okha," anatero a Ambrose pang'onopang'ono. "Zikomo. Komatu mng'ono wanga anandiuza ndi pakamwa pake, osati kamodzi, kuti m'nyumba muno muli siliva. Kapena ankandinamiza?"

Elina anakoka malaya a atsibweni ake.

"Siliva wake si woti munthu n'kumuona ndi maso. Anasungunuka m'madzimo ngati mchere, amafuna makina. Auzeni kuti akangothira pansi apha nsomba. Nenani za nsomba, atsibweni."

Koma a Jailosi anaona kuti kutchula nsomba pamene anthu akulira m'bale wawo n'kudzichotsa ulemu, ngati kuti mdzukulu wawo mtima wake uli pa ndiwo.

"Akuti silivayo alimodi," anatero, "kungoti ndi wovuta kumupeza."

Basi, nkhani inathera pomwepo. Anthu a ku Namwera anakhala tsonga onse, ndipo a Ambrose anatambasula dzanja kupempha kiyi.

Chitseko chitatsegulidwa munatuluka fungo limene Elina anagona nalo zaka zonse zija, lowawasa, lolasa m'mphuno. Amuna aja anayamba kutulutsa zigubu, aliyense akudzuma ndi kulemera, n'kumazindandalika padzuwa. Zina zinali zotupa m'mbali, zina zitachita ndere yoyera pachitsekerero. Elina anaziyang'ana chamunsimunsi ndipo m'malo mwa mantha anamva kampumulo, kampumulo koipa ndithu. Mumtima anati: tengani, mukagone nazo inunso khoma limodzi. Ku Namwera n'kumtunda, kutali ndi damu lake. Ngati dyera ndi limene likanamuchotsera mtolo umene pemphero linalephera, iye analibe nalo vuto.

Nthawi yovula zakuda itakwana, amayi anamudzutsa n'kulowa naye kuchipinda chogona, a Mercy ali patsogolo, pakuti ntchito imeneyi ndi ya mlongo wa malemu. Anatseka chitseko. Anamuvula deresi lakuda lija, n'kumusiya ndi chitenje cha m'chifuwa, anamukhazika pansi, ndipo a Mercy anayamba kumumeta ndi lezala uku akumupatsa malangizo a mmene mkazi womasulidwa amakhalira. Zenera linali lotsegula chifukwa cha kutentha, choncho zonse za pabwalo zinkamveka.

"Ayi abambo, izi sindikweza," anali mawu a Che Sumani. "Phiri la Chowe lija ndi katundu uyu? Galimoto ibwerera chambuyo, tikathera m'phompho tonse. Zopanda kanthu ndinyamula, zodzaza ayi."

Kenako kunamveka chigubu chikukhutchumulidwa, ndi mawu a a Ambrose, odekha, a munthu amene wapeza nzeru.

"Madziwa si amene tikufuna. Chinthu cholemera chimakhala pansi. Khuthulani mosamala, zitsale za pansizo."

"Pabwalo pomwe pano?" anafunsa wina.

"Ayi, ndife alendo, tisaipitse pakhomo pa anthu. Onani ngalande iyo kuseri kwa nyumba, ndi mmene amatayira madzi."

Elina anadzambatuka, koma dzanja la a Mercy linamukanikiza paphewa.

"Khalani pansi, alamu, sitinathe. Mutuluka bwanji chonchi, mutu theka, mapewa pamtunda, amuna ali pabwalo? Mukufuna kuti mzimu wa achimwene ukutsateni?"

"Akutaya mu ngalande, alamu. Ngalande imeneyo ikuthira m'damu."

"Damu silithawa. Khalani pansi."

Ndipo anakhaladi pansi. Apa ndi pamene nkhani imawawira. Mayi amene anapirira kusekedwa ndi mudzi wonse chaka chathunthu analephera kukankha dzanja limodzi la mlamu wake, chifukwa kuyambira ali kamtsikana anaphunzitsidwa kuti pamwambo sadzuka. Anakhala, lezala likuyenda pamutu, akumvetsera chigubu choyamba chikukhuthuka, gubu gubu gubu, kenako chachiwiri, kenako zingapo nthawi imodzi. Ankadziuza kuti a Jailosi aletsa, a Jailosi akudziwa. Koma fungo la mazira owola litalowa pazenera, amayi ena n'kuyamba kutseka mphuno ndi zitenje, anaona m'maganizo mwake beseni lija la tinsomba togona chagada, ndipo anakankha dzanjalo n'kutsegula chitseko.

"Lekani! Mukundiphera nsomba!"

Amayi anaphimba kumaso, amuna anayang'ana kumbali. Namfedwa, mutu wometedwa mbali imodzi, mapewa pamtunda, akukuwa pakati pa alendo: zimenezi ndi zimene anthu anaona, ndipo ndi zimene anakamba sabata yonse. Za mu ngalande sanazione. Elina anatola khasu pakhonde n'kuthamangira kuseri. Zigubu zonse zinali zitagona kale chammbali, zopanda kanthu. Mu ngalande munkayenda madzi abii, a thovu, ndipo ankayenda mothamanga, chifukwa amuna ena, pofuna kusiya pamalo paukhondo, anali atapita ku mjigo n'kumapopa mwamphamvu kuti atsukuluze ngalandeyo.

Elina anathamangira kumunsi n'kuyamba kukwirira pamene ngalande imalowera m'damu. Anagwetsa dothi, anaponda ndi mapazi, anatseka. Koma atadzutsa mutu anaona kuti watseka khomo mbala italowa kale. Banga lakuda linali litafika pakati pa damu ndipo linkatambasuka mwakachetechete. Madzi anali ochepa, monga amakhalira mu Okutobala, ndiponso ofunda ngati osamba.

A Jailosi anamupeza pomwepo, atanyamula chitenje choti afunde.

"Watichititsa manyazi, mayi iwe," ananong'ona. "Tiye tikamalize, alendo akudikira."

"Ndinakuuzani kuti munene za nsomba, atsibweni."

"Zinali zoti n'kunena pagulu zimenezo?"

Anabwerera naye pamphasa, matope mpaka m'mawondo. A Ambrose anali ataimika chigubu chimodzi chimene anachidula pakamwa ndi mpeni, akuonetsa anthu. Pansi pake panali matope akuda, ndipo m'mbali munali kunyezimira pang'ono ngati m'kati mwa pepala la fodya wa kusitolo.

"Mwaona?" anatero, osakweza mawu. "Ndiye ankati n'zosafunika."

Mwambo unatha mwadongosolo lake. A Mercy anamaliza kumeta mbali yotsala ija. A Ambrose anaimirira, anathokoza mudzi chifukwa chosunga m'bale wawo, anati kukuwa kuja akukhululukira chifukwa chisoni chimasokoneza mutu, kenako ananena mawu amene onse anabwerera.

"Ife tatenga zathu, inu mwatsala ndi zanu. Alamu, takusudzulani."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Zigubu zinamangidwa ndi chingwe pamwamba pa katundu, zopepuka, zikugundana ngati ng'oma. A Mercy, kuti asaoneke ouma mtima, anatsitsa chimodzi n'kuchiika pamapazi a Elina.

"Ichi chikhale chanu, muzitungira madzi."

Tsopano Elina anali womasuka kuyankhula, ndipo mawu oyamba a ufulu wakewo anawawonongera pa anthu omwewo.

"Musakamwere m'zigubuzo, alamu. Ngakhale mbuzi musakazimwetsere."

"Titsuka ndi sopo," anayankha a Mercy akukwera galimoto. "Ifenso kwathu sopo timamudziwa."

Fumbi la kalole lisanathe m'mwamba, Elina anali kale kudamu. Makumba anali atayamba kubwera pamwamba, milomo kunja, akuyasama ngati ana a mbalame. Anachotsa neti ya udzudzu pabedi pake n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno. Amene anawagwira anawaika m'mabeseni, m'ndowa, m'mphika wophikira thobwa, n'kumathamangira ku mjigo kukatunga madzi abwino. Oseka aja anabwera, ndipo tinene zoona, awiri anavula malaya n'kumuthandiza kukoka. Koma msodzi saona nsomba kawiri kuti adziwe. Mmodzi anatsegula makha opumira a khumba limodzi ndi chala, anaona mmene atuwira, n'kupukusa mutu. Kenako anangovala malaya ake.

Kutacha, Lamulungu, belu la kutchalitchi likulira, damu linali mbuu. Makumba onse anali chagada, mimba zoyera, atapanikizana kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina, moti madzi sankaoneka. A m'mabeseni aja nawonso anali atafa. Elina anaima m'mbali akuyang'ana nsomba zimene ankazidziwa kudya kwake, ndipo sanalire. Misozi inali itathera pa a Fletcher. Chimene chinatsala chinali mkwiyo wouma, wosowa pougwetsera.

Mbiri ya nsomba siyenda pansi. Posakhalitsa kunafika amayi ndi mbale, ena atavala kale za kutchalitchi.

"Pepani ndi zimene zachitikazi, mayi a Mona. Komatu zisangowonongeka. Kungochotsa matumbo basi, n'kuwamba bwinobwino."

"Palibe atenge ngakhale imodzi," anatero Elina.

"Nanga mudya nokha zonsezi?"

"Sindidya. Inunso simudya."

Anabwerera akung'ung'udza, ndipo mawu oti umbombo anamveka bwino lomwe, chifukwa ananenedwa kuti amveke. Kenako kunabwera a Iddi, wogula nsomba wa ku Mangochi, amene anali atalonjeza kale kuti pokolola adzatenga zonse. Anatsika panjinga yamoto, anazungulira damu, anatola khumba limodzi n'kulinunkhiza.

"Mayi, ndikuuzeni ngati mlongo wanga. Nsombazi zafa lero lomwe, sizinayambe kufewa. Ndibweretse nkhuni, tiwambe pompano, utsi ubisa zonse. Mawa zili ku Limbe. Odyawo simuwadziwa, iwonso sakudziwani. Mwina sizingawachite kanthu n'komwe, ndani anayeza? Koma inu mukazikwirira, mudya chiyani mpaka chaka chamawa?"

Funso limenelo linali loona, ndipo n'chifukwa chake linapweteka. M'nyumba munatsala bedi, mphasa ndi thumba la madeya. Asakunamizeni munthu kuti Elina sanaganize zovomera. Anaganiza. Anaona nkhuni zikuyaka, anaona ufa m'nyumba. Mwinadi sizikanawachita kanthu anthu a ku Limbe. Koma mawu oti mwina ndi amene a Fletcher anakana kuwakhulupirira zaka zonse zija, akugona m'fungo, akutukwanidwa ndi mkazi wawo yemwe chifukwa cha chigubu chotungira madzi. Munthu uja anasunga poizoni m'nyumba mwake kuti asafike pa mbale ya munthu amene sankamudziwa. Zinamukwiyitsa Elina kuti ngakhale ali m'manda ankapambanabe mkangano.

"Pitani, a Iddi," anatero. "Chaka chino mulibe nsomba muno."

A Iddi anakweza mapewa, analiza njinga yawo n'kumapita.

Elina anatenga dengu n'kuyamba kuwola nsomba zakufazo. Pomwepo sakanakwirira, chifukwa ndi pamchenga. Anayenera kusenza mpaka kumtunda, kuseri kwa msewu, kumene dothi ndi lakatondo ndipo kulibe chitsime. Dengu loyamba, lachiwiri, madzi onunkha akutsikira m'khosi kuchokera pamutu wometa uja. Pamene nsomba zinkachepa, madzi a m'damu anayamba kuoneka, abii, osagwedezeka. Ndi pamene anazindikira chimene abale aja anamusiyira. Zigubu zinapita, inde, chipinda chinayera. Koma tsopano anali ndi chigubu chimodzi chachikulu, chokumba yekha, chopanda chitsekerero. Kumapiri a kuvuma mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse, ndipo damu likadzadza limasefukira kunyanja.

Akudzaza dengu lina, foni inalira pamfundo ya chitenje. Anapukuta dzanja n'kuyankha. Anali a Ambrose.

"Alamu, tafika bwino, zikomo. Koma pali nkhani. Zigubu zija tadula zonse, takanda pansi, tayanika. Ndi mwaye wokhawokha. Ndiye ndimati ndikufunseni mwaulemu, poti dzulo tinasiyana bwino: siliva weniweniyo munachotsa liti?"

Elina anayang'ana m'dengu. Dzuwa linali litakwera, ndipo mamba a makumba ankanyezimira mpaka kuthobwa m'maso.

"Sindinachotse kanthu, alamu. Siliva anali m'madzi aja. Munamuthira m'damu mwanga yense, ndi manja anu."

Elina anayang'ana kudamu, kumene makumba otsala anali mbuu pamwamba pa madzi.

"Bwerani ndi madengu mudzatenge," anatero Elina. "Wayandama."

Anazimitsa foni, anaimanganso pamfundo, n'kugwada kuti asenze. Panalibe womutwika, choncho anayamba wakweza dengu pabondo, monga ankachitira ndi dothi pokumba.